Sewero likufuna ndiulule kuti ndinakwatiwa ndisakuwakonda

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala kuno ku Domasi, mbali ya kwa Malemia, ndipo ndimasoka zovala pakhonde la golosale ina kumsika. Ndakhala pabanja zaka 19 ndi a Hopeson, omwe ndi kalipentala, ndipo tili ndi ana atatu. Mayina onse m'kalata muno ndasintha. Vuto langa labwera ndi sewero, ndiye mwina museka, koma ine chakudya sichikulowa.

Chaka chatha kunabwera mphunzitsi wina wachinyamata, dzina lake Mwayi, amene anaphunzira za zisudzo kukoleji. Anayambitsa gulu, nati sakufuna ana asukulu koma akuluakulu amene anaonako za moyo. Ine ndinalowa chifukwa ndili mtsikana ndinkakonda masewero a Khirisimasi kutchalitchi. Tilipo asanu ndi awiri, ndipo timakumana Lachitatu ndi Loweruka masana m'kalasi ina ana akaweruka.

Ndinkayesa kuti atipatsa mapepala tiloweze, wina akhale chidakwa, wina namwino, monga timaonera pa masewero a za katemera. Sizinatero. Mwayi anati sewero lake lilibe pepala, lilibe siteji, lilibe zovala zapadera, ndipo lilibe mathero. Lonse laima pa funso limodzi lokha: chikondi n'chiyani? Oonera amakhala mozungulira, ife n'kukhala pakati pawo ngati oonera anzawo. Kenaka mmodzi wa ife amaimirira n'kufotokoza nkhani yeniyeni ya moyo wake, yosapeka, uku anzake awiri akuisonyeza ndi manja ndi thupi osayankhula. Nkhani ikafika penapake Mwayi amawomba m'manja kamodzi, wofotokozayo n'kusiyira pomwepo. Ndiye oonera amafunsidwa ngati zimene amvazo ndi chikondi kapena ayi. Ovomera amasamukira kumanja, okana kumanzere, n'kuyamba kutsutsana okhaokha.

Mwezi woyamba sitinachite china koma kukhala awiriawiri, kuyang'anana m'maso mphindi zisanu popanda mawu. Poyamba tinkangoseka. Kenaka kuseka kunatha, anthu anayamba kumasuka. Mnzanga Saida, amene amagulitsa nsomba zouma, anafotokoza mmene amasambitsira ndi kudyetsa mkazi wamkulu wa mwamuna wake, yemwe anafa ziwalo mbali imodzi, munthu amene kale sankapatsana naye moni. Saida atatha, nthawi inali yanga. Ndinali nditakonza kankhani kokoma ka momwe tinakumanirana ndi a Hopeson, koma pambuyo pa zimene ndinamvazo bodza linakana kutuluka. Ndinanena zimene sindinauzepo munthu, ngakhale mayi anga omwe anandibereka.

Aphungu, ine ndinakwatiwa ndisakuwakonda amuna anga. Ndinali ndi chibwenzi, Enock, amene anapita ku Joni atalonjeza kuti adzanditenga. Zaka ziwiri zinatha popanda kalata kapena uthenga. A Hopeson atabwera kudzafunsira mbeta, amalume anati ndi mnyamata waulemu, wa luso la m'manja, ndisazengereze. Ndinavomera chifukwa ndinatopa ndi maso achisoni a anthu pachigayo ndi pamjigo. Tsiku la ukwati ndinalumbira pakamwa pokha, mtima uli kwina. Zaka zitatu ndinawaphikira, kuwachapira, kuwagwadira, koma ngati mlendo wolemekezeka amene tsiku lina adzatsanzika.

Pamenepa ndi pamene Mwayi amawomba m'manja. Koma nkhani yanga sithera pamenepo.

Chaka chachinayi tinataya mwana wathu wachiwiri ali ndi masiku asanu ndi limodzi. Ine ndinagona miyezi iwiri, thupi ndi mtima zonse zitafooka. Mayi anga anali akudwalanso, panalibe wondithandiza. A Hopeson anatseka shedi yawo. Ankanyamula zitenje zanga ndi zofunda m'beseni, dzuwa likuswa mtengo, kupita nazo kumtsinje wa Domasi, kukachapa pamiyala pomwe amachapira amayi. Amayi ankakodolana, amuna anzawo ankati ndinawadyetsa. Iwo sanayankhe aliyense, ndipo sanandiuzepo. Ndinamva kwa ena. Tsiku lina ndinasuzumira pazenera n'kuwaona akuyanika chitenje changa, akuchiwongola m'mbali mosamala monga amachitira ndi thabwa la kasitomala. Ndinalira, koma kulira kwa tsiku limenelo sikunali kwa maliro. Kuyambira pamenepo mpaka lero palibe mwamuna wina mumtima mwanga. Enock ndikhoza kukumana naye pamsewu osamuzindikira.

Ndinamupempha Mwayi kuti ndizinena nkhani yonse. Anakana mwaulemu. Anati, "Mayi, mukanena za kumtsinjezo mwawayankhira kale. Onse athamangira kumanja, apita kwawo osaganiza kanthu. Ine ndikufuna apite funso likuwaswa mutu." Anandiuzanso kuti gawo langa ndilo mtima wa sewero lonse, chifukwa atsikana ambiri akukankhiridwa m'mabanja chimodzimodzi ndipo palibe amene amanena poyera. Ndinaona kuti ali ndi mfundo, ndipo sindibisa, ndinamva kukoma kuti nkhani ya ine telala ingagwedeze anthu.

Sabata ziwiri zapitazo tinakayeserera ku Malosa pamaso pa anthu pafupifupi makumi awiri, ambiri osandidziwa. Nditasiyira pamalo paja, anthu atatu okha ndiwo anapita kumanja. Bambo wina anati mwamunayo anaberedwa, anagula mbuzi ya m'thumba. Mtsikana wina anati woberedwa ndi mkaziyo. Anakangana mpaka Mwayi anachita kuwaleretsa, ndipo iye anasangalala kwambiri. Potuluka mayi wina wachikulire anandigwira dzanja pakhomo n'kundifunsa motsitsa mawu, "Bambowo akudziwa kuti mukunena zimenezi?" Ndinati inde. Ndinanama, Aphungu. Sakudziwa chilichonse.

Sewero lenileni lichitika pakatha sabata zitatu muholo ya kutchalitchi kwathu. A Hopeson akondwa kuposa ine. Akhoma mabenchi asanu ndi limodzi ndi matabwa otsala, ati anthu asadzakhale pansi mkazi wawo akuyankhula. Aitana amayi awo ndi azichemwali awo. Kasitomala aliyense wofika pashedi akumuuza kuti amayi a Chifundo, ineyo, akachita sewero, asadzaphonye. Atandifunsa kuti ndi la chiyani, ndinati ndi la chikondi basi. Anaseka n'kunena kuti, "Ndiye mukanene zabwino za ine."

Lamulungu lapitali ndinayesa kuwauza tikuchokera kutchalitchi, titadzera kudimba kukaona tomato. Ndinawafunsa ngati akukumbukira tsiku la ukwati wathu. Anati akukumbukira bwino, jekete inali yaifupi manja, ndipo ine sindinadye kanthu tsiku lonse moti ankaopa kuti ndadwala malungo. Ankanena akumwetulira. Ine ndinangoyamba kukamba za mbozi za pa tomato.

Ndikasiya gululi ndikhumudwitsa anzanga amene anandikhulupirira ndi zinsinsi zawo, komanso ndi malo okhawo amene ndinayankhulako za mumtima chibadwire. Ndikapitiriza, amuna anga adzamva pagulu, apongozi ali pambali pawo, kenaka adzaona anansi akusamukira kumanzere. Ndiwauze? Nanga akadzati zaka zonsezi ndinkawanamiza? Kapena ndingonamizira kudwala tsiku la sewerolo? Ndithandizeni.

L.K., Domasi

Mayi L.K.,

Sindinaseke. Ndawerenga kalata yanu kawiri, ndipo choyamba ndikuchotsereni katundu amene si wanu. Simuli mkazi wachinyengo. Munalowa m'banja mtima uli wovulala, munasunga lumbiro lanu, ndipo chikondi chinakupezani m'nyumba momwemo. Mabanja ambiri amene mumawasirira kutchalitchi anayamba chomwecho, kungoti eni ake salembera kuno. Zaka zitatu zozizira musazilole kuti zimeze zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zimene mwawakonda bambowa.

Sewerolo sindikulinyoza. Sewero limene lachititsa mayi wa zaka 41 kunena zoona koyamba lagwira ntchito yake, ndipo Mwayi ali ndi mutu. Koma walakwitsa pawiri. Nkhani imene mukunenayi ndi ya anthu awiri, ndipo winayo sanalembetse m'gulu lanu. Inu munasankha kuima pakati pa bwalo, a Hopeson sanasankhe. Kachiwiri, Mwayi mwiniwake anaika lamulo loti muzinena zoona zokhazokha. Nkhani yodulidwa pakati kuti anthu akangane bwino yasanduka ina, si ya banja lanu ayi. Anthu adzatuluka muholomo akudziwa kuti mkazi wa kalipentala samukonda mwamuna wake, zomwe ndi zabodza. Mwayi tsiku lina adzasamutsidwira kusukulu ina. Inu ndi amuna anu mudzatsala pamsika womwewo, ndipo ana anu adzamva nkhaniyi kwa anzawo m'kalasi.

Zonamizira kudwala zisiyeni. Zikhoza kukupulumutsani tsiku limodzi, koma nkhaniyi inatuluka kale. Anthu makumi awiri anaimva ku Malosa, ndipo Malosa si kutali. Mmodzi yekha amene anasoketsapo diresi kwa inu ndi wokwanira. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Amuna anu amve kwa inu, sabata ino.

Sankhani nthawi imene ana kulibe ndipo shedi yatsekedwa. Khalani pansi, osati mukuyenda, ndipo musayambe ndi funso loti akukumbukira chiyani, chifukwa adzakusokonezaninso ndi kuseka kwawo. Yambirani kumtsinje. Auzeni zimene munaona pazenera ndi zimene zinachitika mumtima mwanu tsiku lija. Ndikukayika ngati munawauzapo. Nenani mawu enieniwo, akuti mumawakonda, ngakhale lilime lichite kulemera. Mukatero ndiye mubwerere kuchiyambi n'kuwauza mmene munalowera m'banja. Za Enock chiganizo chimodzi chikwana, pokhapokha iwo afunse. Mwina mudzadabwa. Mwamuna amene anaona kuti simunadye pa ukwati, n'kukumbukirabe patatha zaka 19, ndi munthu wa maso. N'kutheka kuti ankadziwa kalekale, anangosankha kudikira. Komabe musadalire zimenezo.

Gawo lovuta ndi lakuti munanena kale nkhaniyi kwa anzanu a m'gulu ndi kwa alendo iwo asanamve. Ichi ndicho cholakwa chanu chenicheni, ndipo chikhoza kuwapweteka kuposa za Enock. Musachibise, musamuloze Mwayi chala. Pepesani basi.

Lachitatu likubwerali, musanadziwe n'komwe yankho la amuna anu, muuzeni Mwayi kuti gawo lanu laimitsidwa kaye, kuti akhale ndi nthawi yokonza zina. Tengani Saida akhale pambali panu. Munthu wosamalira mkazi mnzake chomwecho amadziwa kulemera kwa nkhani za m'nyumba, ndipo mwina nayenso ayenera kudzifunsa ngati wodwala wakeyo analola kuti azinenedwa pagulu. Gulu simukulisiya. Mukhoza kukhala mmodzi wa osonyeza nkhani za ena ndi manja. A Hopeson akadzakana kuti nkhani yawo ipite kuholo, nkhani yatha, musawanyengerere. Akadzalola, ikanenedwe yonse mpaka kumapeto, ndipo pasakhale zosamutsa anthu kumanja ndi kumanzere pa banja limene eni ake akhala pomwepo. Mwayi akaumirira, dziwani kuti akukonda sewero lake kuposa anthu ake, ndipo mphunzitsi wa za chikondi wotere muli ndi ufulu womukana.

Chenjezo langa ndi ili. Mukawauza, akhoza kukhala chete, kudzuka n'kupita kushedi, kapena kudya osakuyang'anani masiku angapo. Musathamangire kwa ankhoswe, musaitane abusa, ndipo musawalondole ndi misozi kuti akukhululukireni msanga. Inu mwakhala ndi nkhaniyi zaka 19 ndipo mwachita kuphunzira miyezi kuti muitulutse pakamwa. Iwo aimva koyamba. Apatseni nthawi yawo, ndipo akadzabwera kuti ayankhule, siyani chilichonse chili m'manja mwanu, mumvetsere mpaka amalize.

Aphungu