Adiresi Yopanda Nyumba

Lachinayi, 17 Julaye

Okondedwa Achimwene,

Ndalemba kuti "okondedwa" chifukwa ndi mmene mayi anatiphunzitsira, koma dziwani kuti ndakwiya. Za moyo wanu sindifunsa, poti mafunso anga a miyezi khumi ndi inayi akudikirabe mayankho, ndipo foni yanu inasiya kalekale kugwira.

Ndiyambe ndi za kuntchito, pa desiki lija munandisiyira, la mwendo umodzi waufupi. Lolemba tinasintha kompaila, chida chija chomasulira zolemba zathu kuti kompyuta izimve, ndipo pulogalamu yosindikiza timapepala tomata pa makatoni inayamba misala. Makatoni mazana atatu anatuluka atamatidwa timabokosi ndi zizindikiro za funso m'malo mwa maadiresi. Madalaivala anabwerera nawo onse, akutukwana.

Ndinasaka masiku awiri, ndipo ndinalipeza vutolo pa mzere 212 wa pulogalamuyo, mu fankishoni yanu ija, kachigawo kolumikiza dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Mawuwo mumawapangira m'kati mwa fankishoni, ndiye m'malo mopereka kope lake, mumangopereka kolozera, kachizindikiro ka & kaja, ngati kunena kuti "pitani mukawapeze apo." Chonsecho mukudziwa bwino kuti fankishoni ikangotha, zonse za m'kati mwake zimafera pomwepo. Zaka zinayi yakhala ikuyenda mwamwayi chabe, chifukwa pamalo olozedwawo panali pasanalembedwe china.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti kutsogolo kwake munaikako const! Inu amene munkagogoda patebulo pondiphunzitsa kuti, "Const ndi lonjezo, mlongo wanga. Yang'ana koma usakhudze." Ndiye mwalonjeza kuti palibe adzakhudze chinthu choti kulibeko. Kompaila yakale inakuchenjezani, inu n'kuitseka pakamwa, n'kulemba pambali kuti "ndikonza mawa." Mawa lake liti, achimwene?

A Magalasi, bwana wathu uja, anaima kumbuyo kwanga n'kunena pamaso pa anthu onse kuti, "Iwe, mchimwene wako sakanalemba zonyansa ngati izi. Uja anali ndi mutu." Paja ndine ndinasamutsa fayiloyo chaka chatha, ndiye dzina looneka pamzerepo ndi langa. Ndinangoti, "Pepani bwana, ndikonza." Andipatsa kalata ya chenjezo, ine n'kusainira. Ndinapita kubafa kukalira, osati chifukwa cha iwo, koma chifukwa ndinadziona kuti kukubisirani kwandilowa m'magazi.

Pakuti nakonso kunyumba ndi zomwezo. Chipinda chanu mayi anachiika const. Jekete lanu lili pamsomali pomwe paja, nsapato pansi pa bedi, ndipo ndikangosuntha mpando amamva ndi makutu. "Siya pomwepo, mwini wake akabwera asasochere." Ine ndi mwana wanga, mdzukulu wawo, timayala pabalaza.

Tsopano imvani chimene ndakhala ndikuchita. Chiyambireni ng'ala m'maso mwa mayi, Lamlungu lililonse ndimatenga foni n'kuwawerengera uthenga wochokera kwa inu. Ndimapeka ndine. Ndinakukwezani pantchito mu Malichi. Ndinakudwalitsani chimfine, n'kukuchiritsani sabata yotsatira, poti anasiya kudya. Mpaka ndinakupezerani chibwenzi, namwino waulemu, ndipo mayi amukonda kale. Amamvetsera akumwetulira, n'kumati, "Bwereza paja wati amayi anga." Ine n'kubwereza, mawu oti palibepo.

Dzulo dokotala watipatsa tsiku. Pa 4 Ogasiti awachita opaleshoni, ndipo akuti patatha masiku ochepa aziona bwinobwino. Tikutuluka m'chipatala, mayi anandigwira dzanja n'kuti, "Choyamba ndidzawerenge ndekha mauthenga a mwana wanga, onse, kuyambira woyamba uja. Usafufute ngakhale umodzi."

Ndidzawapatsa chiyani, achimwene? Ndakhala ndikuwalozera pamalo pomwe palibe kanthu, monga munachitira inu, ndipo zakhala zikuyenda mwamwayi. Mwayiwo ukutha pa 4 Ogasiti.

Fankishoni yanu ndakonza. Ndachotsa ka & kaja, tsopano ikupereka chinthu chenicheni, chathunthu. Nanunso ndikufuna zomwezo. Sindikupempha mphatso, sindikufunsanso chimene chinakuchititsani manyazi kumeneko. Imbani foni. Ngakhale mungoti "amayi" basi, zotsalazo ndidzadziwa pozigwira. Mukapanda kutero pofika pa 3, ndiwauza zoona ndekha asanalowe m'chipinda cha opaleshoni, ndipo a Magalasi nawo ndiwaonetsa dzina la amene analemba mzere 212.

Kalatayi ndikuitumiza ku adiresi yomwe munatisiyira. Ziwiri zoyamba sizinayankhidwe, komanso sizinabwerere. Mwina pamalopo sipanalembedwe dzina la wina.

Mdzukulu wa mayi akuti moni, ngakhale nkhope yanu amaidziwira pachithunzi. Mayi akupereka moni wambiri. Ati muzifunda kukazizira, ndipo namwinoyo mumupatse moni wawo. Moni umenewu sindinapeke ayi, anena okha.

Ine mlongo wanu,
amene wagona pabalaza mokwanira.