Galimoto Yosayenda ya Achimwene Twumasi

Lolemba, 24 Novembala

Foni m'mawa, ndikumwa phala. Nambala yachilendo. Achimwene Twumasi, kutsidya kwa nyanja ku Ohio. "Adomako, ndikubwera Khirisimasi isanafike. Galimoto yanga ili bwino?" Ndati ili bwino zedi, ngati mkwatibwi. Adula. Phala lalowera m'mphuno.

Zaka khumi ndi zinayi osaponda kuno ku Kumasi. Akumbuke kwawo chaka chino chomwe!

Pangano lathu linali losavuta. Galimoto yawo itatsika m'sitima yapamadzi padoko la Tema zaka ziwiri zapitazo, anati iime pabwalo, ifunde nsalu yake, m'mawa uliwonse ndiziiliza kuti injini itenthe, basi. Pageti isatuluke. Aliyense amene ali ndi mbale kunja amatero. Mumsewu mwathu muno zilimo zingapo, zofunda ngati mitembo, zimalira m'mawa n'kugonanso. Ine pangano ndinalisunga miyezi itatu yathunthu, Mulungu ndi mboni. Kenako malipiro a uphunzitsi anachedwa, ndiye ndinatulukira kuti injini imatentha bwino ikamayenda. Imatentha bwino koposa ikanyamula anthu anayi kumbuyo, mabeseni a tomato m'buti.

Lachitatu, 26 Novembala

Ndaizungulira ndi maso a mwini wake. Ndakhala pansi.

Giya yachiwiri imalowa ndi chibakera chakumsana. Kumbuyo yatsika, ikuyenda ngati bakha. Zenera lakumanzere kutsika limatsika, kukwera mpaka ulipemphe ndi manja awiri. Kanyali kachikasu ka injini kanayamba kuyaka pa Isitala. Ndinakamata ndi kachithunzi ka mneneri wa mkazi wanga Kyerewaa, ndiye mneneriyo nkhope imawala, okwera amati ameni. Fungo: nsomba zouma, anyezi, ndi mbuzi ija ya pamaliro a ku Ejisu.

Choopsa kwambiri ndi manambala a mtunda. Mwezi ndi mwezi ndimawatumizira chithunzi cha mita, chomwe chija ndinajambula tsiku loyamba. Mita yeniyeni ili kutali. Ukanakhalapo msewu bwenzi nditafika ku Ohio komweko kukawapatsa moni.

Kyerewaa akuti, "Ingowauzani zoona, bambo a Boakye." Mkazi wabwino, koma mbama ya achimwene sanailawepo. Komanso si mbama yokha. Mankhwala a shuga a Mayi, fizi ya Boakye, malata a nyumba ino, zonse ndi iwo. Akandifulatira, nyumba yonse yafulatiridwa. Ndiye amandikhulupirira munthuyu. Chimenecho ndiye chikundidya.

Loweruka, 29 Novembala

Ku Magazine, kwa amakaniko. Matope akuda ndi oilo, nyundo mbali zonse. Garaja ya Masta Issaka. Analiza injini, sipanala mbali ina pachitsulo, mbali ina kukhutu, maso atatseka ngati sing'anga. Kenako, "Ticha, galimoto iyi mumalimira?" Garaja yonse kuseka. Inenso ndinaseka, nanga ndikanatani.

Chigamulo: giyabokosi itsegulidwe, zitsulo zakumbuyo zonse zatsopano, mabuleki, mapulagi. Atatchula mtengo ndinafunsa ngati akugulitsa ndi garaja yomwe.

Ndiye nzeru zake. Pansi, pa paipi ya utsi, pali kamphika kokhala ndi zinthu zonga zisa za njuchi. Akuti kamasefa utsi, ndipo ogula zitsulo amakalipira bwino. "Utsi wa kuno anausefapo ndani, Ticha? Tikachotse, tiwotcherere paipi wamba, giyabokosi yadzilipira yokha." Ndavomera. Kugulitsa chiwindi kuti mwendo uchire.

Wachotsanso kachitsulo kena m'njira ya madzi. Akuti n'ka mayiko ozizira, kuno kamangotsamwitsa injini. Wakaponya m'ndowa yodzaza ndi tinzake. Fani nayo wailumikiza kuti izizungulira nthawi zonse. Galimoto yabatizidwa, tsopano ndi ya ku Kumasi.

Lachiwiri, 2 Disembala

Kusukulu pa minibasi. Mpando wapakati, nkhuku ya wina pamwendo panga. Woyendetsa wake sadziwa kanthu, giya amasintha mochedwa.

Phunziro la lero: kukhulupirika. Ndaphunzitsa bwino kwambiri, mwana mmodzi mpaka walira n'kubweza cholembera cha mnzake.

Ndalama imene achimwene amatumizira Mayi mwezi uno sinafike. Ya mwezi watha inalinso zii, ndinatseka ndi ya tomato. Nambala ya achimwene sikupezeka. Mwina akusungira mphatso. Kapena akufuna atulukire mwadzidzidzi ngati apolisi. Anthu akunja amazikonda zimenezo, kuti akugwire uli m'kati mwa tchimo.

Lachisanu, 5 Disembala

Yatuluka. Giya ikulowa mwaulemu, kumbuyo yadzuka. Koma kulira kwake! Chigayo. Masta akuti, "Ndi mphamvu imeneyo, inali yomangidwa." Tambala wa aneba wasamuka.

Masana kwa Gyasi wa mawaya, kukabweza manambala m'mbuyo. Kakompyuta kosweka galasi, nthochi zokazinga m'dzanja, foni ziwiri zikulira. Ndamuonetsa chithunzi bwinobwino, ndamuwerengera ngati mwana wa sitandade wani. Wamaliza, ndayang'ana, mutu waima. Wapitirira. Wachotsa mamailosi pafupifupi chikwi kuposa pachithunzi.

Iye akumwetulira. "Enawo ndi basela, Ticha. Kasitomala wabwino sachoka wopanda basela."

Basela! Pa tomato inde, pa makala inde, koma pa mita? Ndati abwezere kutsogolo. Akuti makina ake njira imeneyo saidziwa, chiyambire ntchito palibe anapemphapo kuti galimoto yake ikalambe. Wakhumudwanso kuti sindinathokoze.

Tsopano galimoto yayenda mtunda wochepa kuposa tsiku limene inatsika m'sitima. Kuima pabwalo zaka ziwiri n'kumabwerera m'mbuyo yokha. Ndidzati chiyani, ufiti?

Lamlungu, 7 Disembala

Njira ndi imodzi: kuiyendetsa mpaka manambala afike pachithunzi. Kuyendetsa yopanda anthu n'kutaya petulo. Choncho tchalitchi lero ayi. Kumsika wa Kejetia, ku Ejisu, Kejetia, Ejisu, mpaka msana kuuma. Ndikuchitira achimwene.

Kyerewaa pobwera kumapemphero, atavala zoyera, anaima pageti manja m'chiuno. "Ndaonapo akuba, koma woba pofuna kubisa kuti anaba, ndinu oyamba." Koma ndalama ya nyama analandira.

Lachinayi, 11 Disembala

M'mawa kiyi kupotokola, kwete. Batire lagona. Fani ya Masta ija imazungulira ngakhale injini itazima, ukaiwala kuzula waya. Ndabwereka batire kwa aneba, a tambala aja. Andipatsa osandiyang'ana.

Mayi pakhonde, akuonerera zonse. Ndati, Mayi, achimwene akadzafunsa, galimoto iyi sinatulukepo. Akuti, "Ine maso anafa kale, mwanangu, sindiona kanthu. Koma fulumira, kuchipatala tichedwa." Anakhala kutsogolo monga mwa nthawi zonse, chigongono pazenera, akupatsa moni aliyense mumsewu.

Pobwerera yatentha pamzere wa magalimoto, nthunzi tolo. Madzi a m'mapaketi asanu ndi limodzi m'radiyeta. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Koma lisathyoke sabata ino.

Lolemba, 15 Disembala

Manambala afika! Ndendende, ndikulowa pageti. Ndapsompsona chiwongolero.

Kusukulu ndanama kuti ndadwala. Tsiku lonse sopo, bulashi, mandimu m'buti, makala pansi pa mipando kuti amwe fungo. Mbuzi ija ikukanabe kuchoka. Mneneri ndamumatula, ndamupepesa. Kanyali kachikasu Gyasi wachotsa babu lake, ndamuuza kuti basela asayerekeze.

Kenako ntchito yeniyeni, kuikalambitsa. Yoyera kwambiri ingandigwiritse. Ndaifunditsa nsalu, fumbi la nyengo youma ino lichita zotsala. Tayala limodzi ndaliphwetsa pang'ono. Chimanga ndamwaza pansi pake kuti nkhuku zizolowere. Kangaude ndachita kumusamutsa kuchokera kubafa, pakapepala, ndamuika pagalasi lam'mbali. Wayamba kale kuluka. Wantchito yekhayo wosandibera mwezi uno.

Kyerewaa wagula mbuzi ya phwando. Yamoyo, ndaimangirira kutali ndi galimoto.

Loweruka, 20 Disembala

Afika.

Osati pandege. Basi ya ku Accra, masana, dzuwa lili pamutu. Palibe masutikesi, palibe migolo ya katundu. Jumbo imodzi. Nsapato zopanda zingwe.

Apolisi anawagwira kuntchito mu Okutobala, nkhani ya mapepala okhalira m'dzikomo, ndiye awathamangitsa. Foni ija anaimbira ali m'chitokosi. Nyumba imene ankakhala, katundu, ndalama za kubanki, sakudziwa kuti zili pati. Aonda. Imvi mutu wonse. Mayi anangowagwira nkhope ndi manja awiri. Achibale amene anabwerera mphatso anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina mpaka anaiwala kutsanzika.

Fufu, nsima yathu yosinja ya chinangwa, sanakhudze. Anatuluka, molunjika kugalimoto. Anavundukula nsalu pang'onopang'ono, nkhuku kuthawa, fumbi kobo. Anasuzumira manambala. Anaona kangaude wanga, anaseka koyamba. Dzanja paboneti, nthawi yaitali.

"Anzanga onse kuja abale awo anawadyera. Nyumba za pachithunzi, magalimoto ogulitsidwa. Ine ndinkawauza kuti mng'ono wanga ndi mphunzitsi." Kenako, "Chatsala ndi ichi chokha, Adomako. Zaka zonse zija."

Mwezi wathunthu ndakhala ndikuopa mbama. Bola mbama.

Lamlungu, 21 Disembala

Aitenthetsa okha m'mawa. Chigayo chija. "Bwanji ikulira chonchi?" Ndati kukhalitsa. Agwedeza mutu. Akhulupirira.

Akufuna kuigulitsa, ayambe kashopu. Akuti yosayenda ngati iyi, ya zitsulo zake zonse zochokera kunja, wogula sadzanenerera. Wogula aliyense amabwera ndi makaniko wake. Makaniko aliyense amayamba n'kugona pansi pa galimoto.

Mbuzi sitinaphe. Palibe wafunsa.

Lachiwiri, 23 Disembala

Wogula wapezeka, ku Adum. Achimwene pachiwongolero, ine pambali. Akuyendetsa ngati kunja, akuimira ngakhale oyenda pansi.

Pamphambano ya ku Oforikrom, mzere wautali. Taima. Chitseko chakumbuyo kwee! Maame Dufie wa tomato, kasitomala wanga wa Lachiwiri lililonse, walowa kale, thako lonse pampando.

"Ticha! Sabata yathunthu kusowa, timati mwafa! Ndiye mwalemba dalaivala? Eee, zanu zayera!" Mutu pazenera, kukuwira mnzake: "Iwe Abrafi, buti umenye kawiri kumanzere, apo ayi sitseguka!"

Anamenya kawiri. Inatseguka.

Mabeseni m'buti, amayi ena atatu kumbuyo, galimoto yonse n'kukhala pansi monga inazolowera. Mmodzi akudandaula kuti mneneri wapita kuti. Anayang'ana manambala. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana mabondo anga, fisi akagwa m'mbuna salankhula. Mahutala kumbuyo, wa minibasi akutukwana mayi athu tonse awiri.

Ndimati awatsitsa, anditsitsenso ine, andiponde ndi tayala. Anaika giya.

Njira yonse Maame Dufie pakamwa posatseka. Za mtengo wa anyezi, za ulendo uja tinakankha mumvula chaka chatha, za mbuzi. "Dalaivala wanuyu ngwaulemu, Ticha, koma ngwozizira. Mwamutola kuti?" Mnzake, "Musiyeni, adzazolowera, njala imaphunzitsa." Khosi la achimwene mitsempha ili njoo.

Kejetia. Amayi akumasula mfundo za nsalu zawo. Achimwene maso kutsogolo, mawu apansipansi, oti ndimve ine ndekha: "Mpaka pano amalipira zingati?"

Ndinawauza.

Anatambasula dzanja kumbuyo osacheuka. Munthu amene ankatidyetsa tonse, akulandira tindalama tonyowa, tonunkha tomato. Ndinalira, ine, pamaso pa makasitomala. Maame Dufie akuti, "Ndi fumbi limeneli, Ticha, mugule mankhwala."

Ku Adum sitinapite. Chibwerereni sanandilankhule, mpunga adyera kuchipinda. Kiyi ali m'thumba mwawo. Panopa ali panja, ndamva boneti ikutseguka, akuitana dzina langa, lonse lathunthu ngati mmene bambo athu ankandiitanira, ndipo sindikudziwa ngati akundiitanira mbama kapena sipanala.