Junyu wa m'buku la Nilza

Achemwali a Berta,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kukuvutani, ndipo amayi akudzuka bwino ndi kuzizira kwa ku Domweko. Ine kuno ku Beira ndilipo. Ndikadali kuphunzitsa ana a anthu olemera m'makonde mwawo akaweruka kusukulu, ana oti amandiitana ngati wogulitsa makala.

Ndalemba chifukwa cha mwana wanu Nilza. Ananditumizira pa foni chithunzi cha pepala lake la ezame. Wapeza 6 pa 20. Funso lalikulu linali lakuti afotokoze nyengo ya Junyu kwathu ndi chifukwa chake. Iye analemba kuti Junyu ndi mwezi wotentha, wa masana aatali. Mwana wobadwira ku Domwe, amene Junyu amamung'amba milomo ndi zidendene chaka chilichonse!

Nditamuimbira ndinamukalipira kwambiri. Anandiyankha mofatsa kuti si wamisala, akudziwa kuti Junyu amazizira, koma ankaganiza kuti Junyu wa kumunda ndi wina, wa kusukulu ndi wina, ndipo apulofesoli amafuna wa m'buku. Ndinafunsa kuti buku liti. Anati lija ndinamusiyira ine, lachikuto chobiriwira, limene ansembe anandipatsa nditakhala woyamba m'kalasi ku Ulongwe. Bukulo linasindikizidwa kwa Apwitikizi, achemwali, kumene nyengo zimasemphana ndi zathu. Ndinamupatsa monyada, osamuuza zimenezi. Iye analiloweza lonse, mpaka nyenyezi ya kumpoto imene sadzaiona ali ku Domwe.

Ndinayesa kumufotokozera kuti dziko ndi lopendekeka, ndipo mu Junyu mbali yathu imapendekera kutali ndi dzuwa, kuwala nkumatifika cham'mbali. Ndinati atenge mbatata ya kachewere, aibaye ndi kamtengo, aipendeketse, azungulire nayo nyali. Ankangoti inde amalume, inde amalume, mpaka kiredito ya foni inatha. Inde ameneyo ndimamudziwa, ana amene ndimaphunzitsa kuno amanena yemweyo. Wina anajambula dziko lozungulira bwinobwino, koma nditamufunsa pamene timakhala analoza m'kati mwake, akuti kunja tingagwe. Zimenezi zimafuna munthu akhale nawe pansi, mbatata ili m'manja. Ine sindingabwere. Ndikachoka sabata imodzi makolo a ana aja apeza mphunzitsi wina.

Nilza wandiuza kuti alamu a Sozinho, amuna anuwo, agamula kuti asiye sukulu, azikagulitsa mbatata ku Kalomwe. Akuti mwana wosadziwa kuti Junyu amazizira sukulu ilibe naye ntchito. Alamu amenewo sanatsegulepo buku lililonse, ndiye palibe buku linawanamizapo. Mwanayo si mbuli. Wolakwa ndine.

Pempho langa ndi limodzi: mumusiye amalize chaka chino, alembe ezame yomaliza. Miyezi yatsala itatu yokha. Akalephera pamenepo nditseka pakamwa.

Ndikudziwa chimene alamu adzayankhe. Adzafunsa ngati wolangiza za sukuluyo ndi malume uja anasiya univesidade chaka chachitatu, amene alibe ngakhale pepala lopachika pakhoma. Ndayesa kupeza yankho sabata yonse, sindinalipeze. Mwambo umati mwana wa mlongo wanga ndili naye mawu, koma mawu a wopanda mbuzi sapita patali.

Choncho mukamawauza, dzina langa musalitchule. Munene kuti ndi maganizo anu, kapena a amayi. Mwina atero angamve.

Mupereke moni kwa amayi, kwa azakhali a Judite ndi ana onse. Alamu muwapatse moni tsiku lina, osati lomwelo.

Tsalani bwino,

Ine mlongo wanu,
Natanael