Mkuyu Wathu Udulidwa Lolemba

KOMITI YA OPHIKA A PANSI PA MKUYU

Tsiku: Loweruka, 12 Okutobala
Malo: Pansi pa mkuyu, pafupi ndi dziwe la abakha, m'paki yaikulu ya mumzinda
Opezekapo: Wapampando, Wachiwiri wawo, Mlembi, Mayi a Msuzi, Bambo Owotcha Nyama, Achemwali a Tiyi
Osabwera: Alamu a Wapampando (sanapepese; anaoneka ku geti akuyeza malo ndi gulu lina)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero lalifupi. Mamembala anasuntha mabenchi uku ndi uku kufuna mthunzi koma sanaupeze, poti mkuyu ulibenso tsamba ndi limodzi lomwe.

2. Uthenga wa oyang'anira paki

Wachiwiri anati oyang'anira paki anawaitana Lachinayi n'kuwauza kuti mkuyu wauma mpaka kumizu, nthambi zingagwere alendo, choncho udulidwa Lolemba. Malo ano atchingidwa ndi waya. Pa chikondwerero cha zakudya cha nyengo ino, gulu lathu lapatsidwa malo kuseri kwa zimbudzi, komwe kumaima galimoto yotola zinyalala. Bambo Owotcha Nyama anafunsa kuti ndi kholo liti lingatengere ana ake kumeneko kukadya.

Mayi a Msuzi anati tisadzinamize, alendo sankatitsata chifukwa choti timaphika bwino kuposa a ku geti. Ankafika atatopa ndi kuzungulira paki, ana akulira, n'kukhala pamthunzi, njala n'kuwapezera pompo. Mlembi akuvomereza, ngakhale zikumuwawa kulemba.

3. Chomwe chaumitsa mtengo

Wachiwiri anati oyang'anira paki atakumba kumizu anapeza dothi lodzaza mchere, mafuta ndi sopo.

Pothandiza odzawerenga mtsogolo, ngati adzakhaleko: chiyambire gulu lino, tikatsuka miphika madzulo a tsiku lililonse la chikondwerero, madziwo sitinkataya m'ngalande ngati anzathu. Tinkathira patsinde pa mkuyu. Anayambitsa ndi malemu amuna a Wapampando, omwe ankati, "Watifunditsa tsiku lonse, nawonso ulaweko." Tinkachita monyadira, mpaka kumaseka a ku geti kuti ndi anthu osayamika.

Bambo Owotcha Nyama anati iwo ankangothira phulusa, mcherewo ndi wa Mayi a Msuzi. Mayi a Msuzi anati, "Phulusa lamoto lija mumaliyesa feteleza, bambo inu?" Mawu ena omwe anatsatira Mlembi sanawalembe. Achemwali a Tiyi anati madzi akatayika saoleka, ndipo anapemphedwa kuti asatchulenso madzi.

Wapampando anati tileke kulozana zala. Anati chimwalirire amuna awo, akhala akubwera ngakhale miyezi yopanda chikondwerero, atasenza chigubu cha madzi otsukira miphika ya kunyumba, kuti mtengo usamve kuti mwini wake anapita. "Masamba atayamba kuyoyoka ndinkati uli ndi njala," anatero, "ndiye ndinawonjezera."

Msonkhano unaima kaye.

4. Chochita

Wachiwiri anapereka ganizo lopempha kuti tibzale mtengo wina. Mayi a Msuzi anati, "Mthunzi wakewo udzatipeza kumanda, achimwene." Ganizolo linagwa.

Bambo Owotcha Nyama anati iwo ali ndi ana a sukulu, atsatira alamu aja ku geti ngati angawalandire. Achemwali a Tiyi anati tiyi sagulika pafupi ndi fungo, angokhala kunyumba. Mayi a Msuzi anati mawondo awo sangakwanitse kusenza miphika mpaka kuseri kuja. Mlembi sanafunsidwe, koma nayenso sakuona popondera. Wapampando okha anati apita kuseri kwa zimbudziko, ati kuchokera kumeneko chitsa chizioneka.

Komiti sinagwirizane chilichonse.

5. Zina ndi zina

Bambo Owotcha Nyama anafunsa ngati nkhuni za mkuyuwo zigawidwe kwa mamembala. Anauzidwa kuti achite manyazi. Iwo anati angofunsa, ndipo anabweza mawuwo.

6. Msonkhano wotsatira

Tsiku silinaikidwe. Malamulo a gulu amati misonkhano yonse izichitikira pansi pa mkuyu.

7. Kutseka

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 1 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo. Wapampando analephera kupemphera, ndipo anapemphera ndi Wachiwiri.

Mlembi akuwonjezera izi, ngakhale zinachitika titatseka kale. Achemwali a Tiyi atatsuka makapu omwe tinamwera, mwachizolowezi ananyamula beseni kulowera kutsinde, kenako anaima chilili, osadziwa kopita nalo. Wapampando anawalanda besenilo n'kupita nalo okha mpaka ku ngalande ya ku geti, anthu a kumeneko akuwayang'ana. Palibe anawaperekeza. Ife, anthu osayamika, tinangokhala pamabenchi.

Wapampando: ........................

Mlembi: ........................