Dzina la Bambo pa Chiliza

Lolemba, 7 Ogasiti 1995
Nachisaka. Fumbi, mphepo. Chiliza cha bambo tivundukula pa 19. Mlamu wanga Agustino wamaliza kumanga, kulemba dzina ndi kwanga. Zaka khumi ndakhala ndikulemba zikwangwani za chipani, zilembo zoima njo ngati asilikali, osakhotetsa n'kamodzi komwe. Pano ndi matipate. Dzina la bambo ndilemba mmene ndikufunira ine.

Lachitatu, 9 Ogasiti
M'thumba la bambo ndapeza zidutswa za malata, zotsala pomwe ankakhoma ndowa. Zamakona atatu, zamakona anayi. Ndayala pamphasa, kusuntha, kutembenuza, kusunthanso. E watuluka. L sanavute. F wandizunza mpaka dzuwa kupendeka. Dzina lawo lonse, ELIFALA, la malata awo omwe. Kudya ndaiwala, kukhala pansi kukukanika.

Loweruka, 12 Ogasiti
Ndadinda pa simenti yosauma, kachidutswa kamodzikamodzi. Kukongola kwake ngati chitenje chatsopano. A Sharifu apagolosale ataona pepala lomwe ndinayeserapo akuti zotere ngakhale ku Lilongwe kulibe. Ngati anawerenga, sindinafunse.

Lachiwiri, 15 Ogasiti
Ndapita nawo mayi kumanda. Chaka chathunthu ali kusukulu ya kwacha, cholinga chimodzi: kudzawerenga okha dzina la amuna awo. Agwada, chala pa simenti. Chala kuyenda, kubwerera. Milomo ikugwedezeka, mawu osatuluka. Kenaka: "Maluwawa ndawaona, mwana wanga. Nanga dzina ulemba liti?"
Ndinapsa mtima. Ndati E ndi uyu, L ndi uyu. Iwo eya, eya, maso ali kwina.
Madzulo mlongo wanga Tabita akuti mayi akudzitcha mbuli, ati kusukulu kuja anangotha nsapato. Zandibaya.

Lachinayi, 17 Ogasiti
Kumanda kawiri, nyundo m'manja. Kawiri konse kubwerera osamenya. Chibadwire sindinagwirepo ntchito yabwino ngati imeneyi, ndipo sindikudzitama. Agustino akuti ndiganize msanga, simenti siuma ndi pakamwa. Mayi buku lawo lakusukulu apatsa Tabita kuti ayatsire moto. Iye walibisa kudenga.

Lachisanu, 18 Ogasiti
Ndagumula m'mawa, nkhope kumbali. Agustino wamata simenti ina. Ndatulutsa lula kuti ndijambule zoongoka zachipani zija, dzanja kukana. Tangoima, simenti ikuuma.
Mayi, omwe anatitsatira, atola msomali kuti alembe okha. Akuti ndiwagwire chigongono basi, zina ndisalowerere.
E wapendekera. Ma L awiri osalingana. A womaliza wapanikizika m'mphepete, malo anatha. Atamaliza awerenga mokweza, pang'onopang'ono, kawiri. Kachiwiriko sikunali kuwerenga, anali kuwaitana.
Zidutswa zija ndabweza m'thumba la bambo. Mawa anthu adzafunsa kuti mmisiri wa zikwangwani walemba bwanji zokhota chonchi. Ndidzawauza kuti alemba ndi mayi.