Mutu wanga pampando wa Chipeso

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Bondo lija likukulola kuyenda? Nanga alamu adzuka bwanji masiku ano? Ife kuno tili bwino, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo.

Nkhani ndi ya mdzukulu wathu Chipeso, wometa tsitsi amene ndimakhala naye kunoyu. M'kalata yapita ija ndinakuuza kuti wayamba mowa. Ndinanama, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikunama.

Paja chimfine choopsa chija chinatigwetsa nyumba yonse: kutsokomola, kutentha thupi, mphuno zosamva fungo. Tonse tinadzuka. Patatha masabata awiri ndinayamba kuona zachilendo. Munthu kuthira tiyi pambali, kapu ili pomwepo ikumuyang'ana. Pakhomo kuphonya sitepe. Ukamuyankhula, kutsinzina diso limodzi, khosi atapendeketsa ngati nkhuku yaona mphamba. Ine ukundidziwa. Ndinamulalatira pamaso pa mkazi wake, mpaka kumununkhiza kukamwa, ine amene mphuno zanga zinali zisanayambe n'komwe kugwira ntchito.

Kenako kuntchito anacheka khutu la kasitomala. Mwini shopu anamuuza kuti akakhale kunyumba, ndipo ikatha miyezi itatu asanalongosoke, mpando wake aupereka kwa wina. Apo m'pamene anaulula kwa mkazi wake kuti chilichonse akuchiona pawiri. Mutu umodzi, makutu anayi. Ankabisa poopa kutaya ntchito. Nditamuyang'anitsitsa padzuwa, ndinaonadi diso lakumanzere litakhotera kumphuno.

Kuchipatala anamuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, n'kumulowetsa m'chimakina chojambula mutu. Adokotala a maso, mayi wamfupi wosataya mawu, anati disolo ndi labwinobwino, koma mtsempha umene umalitembenuza unafooka chifukwa cha chimfine chija. Anati zimachitikira anthu ochepa ndipo ambiri amachira pang'onopang'ono, koma anamudzudzula pochedwa kubwera, poti matenda ena oopsa amayambanso choncho. Ine ndinafunsa ngati mowa ulibemo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati mulibe. Ndinachita manyazi ngati galu wopezedwa ndi dzira kukamwa.

Pempho langa ndi limodzi. Upite kwa amake, mpongozi wanga, ukawawerengere kalatayi mokweza, ndipo onse amene unawanong'oneza za mowa akhalepo. Usakane, ndikudziwa kuti unanong'oneza. Tinayamwa bere limodzi.

Adokotala aja anamupatsa Chipeso kansalu kotseka diso, nati tidikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa uliwonse ndinkamuvula kansaluko, n'kuimika chala patsogolo pake kuti anene zala zingati. Ankati ziwiri, n'kuwonjeza kuti agogonso akuwaona awiri, pamene mmodzi yemweyo anamukwana kale. Masabata khumi, mng'ono wanga. Mkazi wake ankalira ali kubafa kuti tisamve. Ndiye Lachiwiri lina anati chimodzi. Ndinasunthira chala kumanzere, diso n'kuchitsatira mpaka kukona. Adokotala nawo anavomereza kuti wachira.

Loweruka ndinamuperekeza kushopu. Mwini wake analola kuti ayese, koma amuna asanu amene anali pabenchi aliyense ankati ayambe mnzake. Wina anachita kugwira makutu ake ndi manja. Mwini shopu anati ngati palibe wofuna kumetedwa ndi iye sangachitire mwina, poti wina wofuna mpandowo alipo kale. Ndinaona Chipeso wayamba kupinda thaulo lake.

Ndinavula duku, n'kukwera pampando. Ndinawauza kuti poti amuna a ndevu akuopa, aonere kwa nkhalamba, ndipo makutu angawa amva zambiri, limodzi litapita sindingadandaule. Chipeso anafunsa kuti amete bwanji. Ndinati mpala, ndi lumo, osati makina. Anatenga lumo, koma n'kumangolitembenuzatembenuza osayamba. Ndinamuuza chapansipansi kuti ndinamulakwira, andikhululukire, koma afulumire poti pampandopo m'povuta kukhala. Anaseka, n'kuyamba kumeta. Imvi zonse zinagwa, lumo linazungulira makutu onse awiri, osatuluka ndi kadontho ka magazi komwe. Ndisanatsike, wogwira makutu uja anali ataima kale kumbuyo kwanga, akukangana ndi mnzake kuti anayamba kufika ndi iye. Mwini shopu anangotulutsa makiyi a kabati m'thumba, n'kumuponyera Chipeso. Anawawakha ndi dzanja limodzi.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa achimwene ndi akazi awo, kwa mpongozi wanga, ndi kwa adzukulu onse. Chipeso ndi mkazi wake akuti moni wambiri.

Utsale bwino. Ndine mkulu wako,
wa mutu wonyezimira ndi makutu awiri.