Ndimagwadira amene ndiyenera kuwalamula

Aphungu,

Ndine mtsikana wogwira ntchito ku kampani ya zachitetezo. Mwezi watha mabwana ananditumiza ku maphunziro a utsogoleri, ndipo nditabwerako anandipatsa gulu la alonda kuti ndiziliyang'anira moyeserera. Akakhutira, udindowu ukhala wanga.

Vuto ndi loti m'gululi muli bambo amene anandiphunzitsa ntchito. Ndi iwowa anandionetsa kasechedwe ka galimoto pageti, ngakhale kapolishidwe ka jombo. Ndi aimvi kale, ndipo ndimawaona ngati kholo langa.

Ndiye zimavuta pa perete wa m'mawa. Ena onse ndimawalamula bwinobwino, koma ndikafika pa iwo ndimangozindikira ndanena kuti, "Bambo, mungaimeko bwino pang'ono?" Tsiku lina powapatsa makiyi ndinapinda mawondo, ndili mu yunifolomu. Gulu lonse linafa nalo phwete. Bwana anandiitanira mu ofesi nati, "Ngati kulamula kukukuvuta, tipatsa wina." Bambowo poweruka anangondifunsa kuti, "Kodi ndinakuphunzitsa kuti uzidzandigwadira?"

Mawu amenewa akundiwawa mpaka lero. Ndawalakwira chiyani? Kapena ndingobwerera pageti?

T.N.

Achemwali,

Pepani, kusekedwa ndi gulu kumawawa. Koma mawondowo musawade, akungosonyeza kuti munaleredwa. Kungoti abwera nanu pamalo posayenera.

Bambowo sanakwiye nanu ayi. Mverani bwino funso lawolo. Munthu amene anakuphunzitsani akufuna kuona mukuima chilili, osati mukuwapepesa chifukwa chokwera.

Kakumaneni nawo panokha, mutavula chipewa, muwauze mantha anu onse. Mugwirizane kuti pa perete muziwalamula monga aliyense, koma mukaweruka akhala bambo anu monga kale. Muwapemphenso kuti akaona mwaphonya azikuuzani kumbali. Mlangizi wotere sagulidwa pamsika.

Kenako musinthe kalamulidwe. Lamulo liziperekedwa kwa gulu lonse, maso ali kutsogolo, osamayang'ana nkhope ya munthu mmodzi. Makiyi perekani mutaima, ndi sawatcha. Umenewo ndi ulemu wa mu yunifolomu, ndipo iwo amaudziwa kuposa inu. Kwa bwana pitaninso nokha mukapemphe nthawi yoti muzolowere udindowu, musadikire kuitanidwa.

Chenjezo langa ndi ili: musayambe kuwakalipira pagulu pofuna kuonetsa kuti mwalimba, mudzataya onse awiri, bambo ndi gulu. Komanso za kubwerera pagetizo iwalani. Mukathawa udindowu anthu sadzati munali ndi ulemu. Adzati mkulu uja sanathe kuphunzitsa.